Munthu Sathera pa Addis

Lolemba

Tchuthi chavomerezedwa! Sabata yathunthu, kuyambira Lamulungu.

Zaka zitatu ndikuphikira anthu khofi ku Marina, ku Dubai kuno. Digiri yanga ya Jogirafe ntchito yake pano ndi imodzi: kudziwa kuti dzina lili pathumba la khofi lili pati pamapu. Tsopano ndikukauona mtengo wa khofiwo ndi maso anga. Ethiopia:

1. minda ya khofi
2. chipululu cha mchere
3. Addis, likulu, kukamwa khofi wophika munthu wina

Ndagula chikwama chakumsana kuno ku Bur Dubai, cha zingwe zambirimbiri ngati cha msilikali. Muli malaya atatu, mswachi ndi buku. Chikupepuka ngati chikumbumtima cha bwana wathu.

Sindiuza munthu.

Lachiwiri

Ndauza munthu mmodzi. Ba Zulu, Mzambia wogona bedi la pamwamba pa langa.

"Addis? Kanshi muyenda ku nyumba, mudala!"

Ndikufotokoza kuti ndikuthera pa Addis pomwepo. Akuseka mpaka mabedi onse awiri kugwedezeka. "Munthu sathera pa Addis. Paja ni posinthila ndeke chabe."

Pofika masana nkhani ili pagulu la pafoni la Amalawi: "M'bale wathu akupita Lamulungu, ali ndi malo." Malo! Ndalemba kutsutsa, m'Chichewa chomveka bwino. Andiyankha ndi timanja topemphera.

Lachitatu

Afika. Anthu oti nditadwala chaka chatha sanabwere ndi lalanje lomwe. Onse akuyamba mofanana: "Ndi kakang'ono, achimwene."

Tating'onoto:

mawigi anayi
mafuta onunkhira, mabotolo asanu
ketulo yamagetsi
mafoni awiri, ina ya mkazi, inayo "musapereke mkaziyo akuona"
bulangete la nyalugwe. Bulangete! Kuchokera m'dziko loti dzira limapsa pamsewu.

Ndikubwereza kuti sindikupita kumudzi. A Mbewe, mkulu wa mpingo, akundigwira paphewa: "Tamva, mwana wanga. Simukufuna abale adziwe. Tonse timatero." Ndiye kukana kwanga kwasanduka umboni.

Lachinayi

Ndikuweruka kuntchito, bedi langa silikuoneka. Ba Zulu adziika okha kukhala kalaliki wa katundu: "Khalas, basi, siyani apa, nizamuuza." Amata maina ndi manambala, alongedza okha. Malaya anga awiri atuluka kuti ketulo ilowe.

Loweruka ndibweza zonse, mmodzimmodzi. Ndakonza kale mawu, ali ndi chiyambi, thunthu ndi mathero.

Kuntchito kwabwera kasitomala wopsa mphuno ndi dzuwa, chikwama chonga changa kumsana. Akuti wangochokera kuminda ya khofi komweko, ndipo anthu ake ndi osauka koma osangalala kwambiri. Iyeyu palibe anamupatsira ketulo. Ndamujambulira mtima pathovu la mkaka. Ndi lamulo la kampani.

Lachisanu

Foni ya achemwali ena a pagulu lija, a Esnati, amene amalera ana m'nyumba ina ku Al Mankhool ndipo amagona komweko. Ali ndi mphindi khumi, Madamu akuganiza kuti akuyendetsa mwana. Takumana pakhomo la siteshoni ya sitima ya Metro, iwo akukankha ngolo ya khanda la eni.

Ndikutsegula pakamwa kuti ndiyambe chiyambi chija. Atulutsa nsapato zakuda za sukulu, ndi pepala lopindapinda. Papepalapo pali phazi lozunguliza ndi bolopeni.

"Ili ndi phazi la mwana wanga, anandibweretsera munthu chaka chatha. Ndawonjezera masaizi awiri, mongoganiza. Akuyamba Fomu Wanu sabata yamawa, ku Lilongwe konko. Ndinamusiya ali Sitandade 5, achimwene. Phazi lake sindilidziwanso."

Zotumiza pa kago akuti zimatenga miyezi iwiri.

"Mukamuveke nokha. Mundijambulire."

Chiyambi, thunthu ndi mathero zonse zathawa. Chomwe chatuluka: "Dzina lake ndani?"

"Tadala."

Khanda layamba kulira, iwo athamanga. Ine ndatsala ndi nsapato m'manja ngati wakuba wapamzikiti.

Loweruka

Ndafunsa pagulu ngati pali wina akupita kumudzi sabata ino. Zii. Gulu lomwe lija la timanja. Kenaka mmodzi: "Si inu nomwe?"

Ndaganiza zokazitumiza papositi ndili ku Addis. Koma positi siveka mwana nsapato, ndipo sijambula.

Ndapita kwa wogulitsa matikiti. Sanadabwe ngakhale pang'ono. "Lilongwe, habibi? Ndimadziwa. Anthu anu onse amapitirira." Akuti tsiku lomwe ndinagula tikiti ya Addis ankafuna kundifunsa ngati ndalakwitsa, koma anaona magalasi angawa n'kuganiza kuti ndine wophunzira.

Popeza ndikupitadi, zobweza zija zatha zokha. A Mbewe abweretsa kakang'ono kena. Buku latuluka, pamodzi ndi malaya otsala aja. M'chikwama changa chatsopano mulibenso changa. Mswachi uli m'thumba la malaya.

Ba Zulu: "Mwaona? Ninakamba."

Lamulungu

Bwalo la ndege, Addis. Maola atatu odikira. Tiyeni tione ndondomeko ija:

1. Khofi: ndamwa. Kapu ya pepala, wofunda chabe, koma wophika munthu wina.
2. Chipululu: ndachiona pawindo, podutsa paphewa la munthu wogona. Mwina unali mtambo.
3. Likulu: likubwera. Lathu lomwe. Kukudikira anthu khumi ndi mmodzi, ndi mkazi amene sayenera kuona foni.

Amayi amva kale, a Mbewe anaimbira m'busa wakwathu. Uthenga wawo: "Takonza chipinda. Usavutike ndi kutitengera zinthu." Sindinavutike, Amayi.

Chikwama chili pansi pa ndege ndi nyalugwe wake. Nsapato ndazinyamula m'manja. Ndayala pepala lija pabondo, ndaikapo imodzi. Ikupitirira mzere ndi chala chimodzi basi, ndipo pepalali lagona chaka.

Akuitana a ku Lilongwe. Onse aimirira, palibe wotsala pa Addis.

Zikakhala zazing'ono, sindikudziwa ndikajambula chiyani.