Tsiku limene apongozi anga anakakamira pabulauzi

Mpaka lero ndikamva fungo la inki ndimakumbukira manyazi a tsiku lija. Ku Kawale, kumene ndinakwatira, dzina langa anaiwala kalekale. Mukafunsa za mkamwini wa aNangozo akuyankhani kuti, "Oo, a zithunzi aja?" kenako kuseka. Bola ndiifotokoze ndekha nkhaniyi, chifukwa ena akamaikamba amawonjezera zawozawo.

Apongozi anga aamuna anamwalira nyengo yotentha ija mvula isanagwe. M'mawa wa tsiku loika maliro, tili pasiwa, amalume a mkazi wanga anazindikira kuti panalibe chithunzi cha malemu choika pabokosi. Chinalipo chinali cha mufoni, madala atavala jekete ndi magalasi, akumwetulira (chinthu chosowa, chifukwa munthuyo kumwetulira ankachita ngati n'kogula). Linali Lamulungu, kotsukitsa zithunzi konse kotseka.

Apa m'pamene pakamwa panga panandipachika. Mukudziwa inu, mkamwini amafuna poonekera.

"Musavutike malume, ndili ndi pulinta kunyumba. Pompano ndibwera nacho."

"Chachikulu bwino eti? Chowala ngati cha ku situdiyo?"

"Choposa pamenepo," ndinatero ine, wosafunsidwa n'komwe.

Ndinathamangira kwathu ku Area 23. Ndinali ndi paketi ya mapepala onyezimira amene mnzanga wina anandipatsa, otsala ku makina aakulu a kuntchito kwawo. Ndinadzamva pambuyo pake kuti makina amenewo amagwiritsa inki yaufa yomata ndi kutentha, ndiye mapepala ake ndi oterera, samwa madzi. Kapulinta kanga kamalavula inki yamadzi, yofuna pepala lomwa. Papaketipo zinalembedwa ndithu, koma ine ndinati pepala ndi pepala.

Chithunzi chinatuluka chokongola moti ndinadziombera m'manja ndekha. Nditachigwira pakona, chala changa chinada bii, ndipo paphewa la jekete la madala panatsala chidindo cha chalacho. Ndinati palibe kanthu, chiuma. Ndinachiyanika padzuwa. Ndinachikupiza ndi mbale. Ndinachiuzira mpaka kumva chizungulire. Inki inangokhala pamwamba ngati madzi patsamba la nthochi. Nditati ndisindikize china papepala wamba, magetsi anathima. Nthawi yomweyo foni inalira.

"Mkamwini, muli pati? Abusa afika, anthu akudikira inu."

Ndinakwera minibasi nditachinyamula chogoneka m'manja awiri ngati thireyi ya mazira.

"Bigi, tapindani chimenecho tikhale anayianayi," anatero kondakitala.

"Sichipindika aise, ndi cha maliro."

Ntchentche ina inatera pamphumi pa madala n'kumatirira pomwepo. Ndinaichotsa ndi kamtengo ka machesi, panatsala kadontho koyera. Mayi amene ndinakhala naye pafupi anasuzumira n'kunena mwachisoni, "Pepanitu bambo. Anali ndi chipsera eti?" Ndinangovomera ndi mutu.

Nzeru yanga inali yoti ndikachitsamiritse ndekha pabokosi, pamene palibe angachikhudze. Koma nditangofika, amalume anachilanda (mwamwayi anagwira m'mbali) n'kupatsa mayi wina kuti akaonetse namfedwa. Apongozi anga aakazi, aNangozo, anali atavala bulauzi yoyera mbee ya amayi a kumpingo. Anachiyang'ana kamodzi, analira kuti "Mwamuna wanga ine!" kenako anachikumbatira pachifuwa, nkhope ya madala italoza mkati.



Mwina mukuti bwanji sindinapite kukawauza. Ife ndife a ku Ntcheu, kumene mwambo sulola mkamwini kuyandikira apongozi ake aakazi. Chikwatirire ine, apongozi aakazi sindinawayandikirepo. Tikamalonjerana iwo amakhala kuseri kwa chitseko, ndipo tikakumana panjira ndimapatukira kutchire ngakhale kuli minga. Ndiye ndidumphe azimayi onse a pamphasa, ndikaime pamaso pawo, ndikanene mawu akuti pachifuwa? Ndinaimbira mkazi wanga, amene anakhala pambali pa mayi akewo, koma foni yake inali yomangidwa pakona ya chitenje, mwini wake akulira. Ndinasendera kwa amalume.

"Malume, chithunzi chija n'chachiwisi."

"Chachiwisi bwanji, ndi nyama? Khalani chete, abusa akupemphera."

Ulaliki unatalika, dzuwa likuswa mtengo. Mawu a abusa sindinamve ngakhale amodzi. Ndinkangoona apongozi akutuluka thukuta, misozi ikutsikira kukhosi, manja akufinyira pepala lija pabulauzi. Bambo wina amene ndinakhala naye pabenchi anandigunda ndi chigongono.

"Achimwene, apongozi sawayang'ana choncho."

Ndinazyolika ndi manyazi, koma maso ankabwerera okha. Njira yonse ya kumanda ndinkapempha Mulungu chinthu chimodzi, kuti achigwire choncho mpaka kunyumba, akachichotse ali okha m'chipinda.

Sizinatheke. Nthawi yoika nkhata itakwana, woyamba kuitanidwa anali namfedwa. Anaimirira, anapereka chithunzi kwa mkazi wanga kuti alandire nkhata. Papepala panali chimtambo chotuwa ndi makutu awiri basi. Madala onse anali pabulauzi, magalasi awo, kadontho ka ntchentche kaja, akumwetulira khamu lonse.

Nyimbo inafera pakamwa. Mayi wina anakuwa kuti "Mayo!" n'kubwerera m'mbuyo. Kenako manong'onong'o anayamba.

"Akana kupita."

"Munthu sakakamira chabe. Chilipo chimene akudziwa mayiwa."

Alongo ake a malemu, amene sanamwerane madzi ndi aNangozo chiyambire, analankhula mokweza kuti aliyense amve. "Ife tinkanena. Matenda anji osamveka mutu aja?"

Apongozi anga anayang'ana pabulauzi yawo, nkhata ili m'manja, ndipo azimayi amene anawagwirizira anayamba kuwataya pang'onopang'ono. Apo ndinachita mantha enieni. Ndinadziwa kuti ndikakhala chete, mayi wosalakwa achoka pamandapo ndi dzina la mfiti, ndipo dzina limenelo silichapika.

Sindikudziwa kuti ndinadutsa bwanji pakati pa azimayiwo. Ndinangozindikira nditagwada pafumbi, pamaso pa apongozi, pafupi kuposa tsiku lina lililonse, manja ndili m'mwamba ngati wakuba wogwidwa pamsika.

"Amayi, pepani. Si malodza ayi, ndine. Ndinasindikiza papepala lolakwika, inki sinaume. Taonani zala zangazi."

Poona kuti ena sakukhulupirira, ndinalanda pepala lija kwa mkazi wanga n'kulipaka pamalaya anga oyera. Makutu awiri aja anasamukira pamimba panga.

Woyamba kuseka anali mmodzi wa adzukulu okumba manda (anthu amenewo saopa chilichonse). Anzake analandira, azimayi anabisa nkhope m'zitenje mapewa akugwedezeka, ngakhale abusa anatsokomola kotalika kokayikitsa. Alongo a malemu anayang'ana kumbali. Amalume anandiyang'ana n'kupukusa mutu. "Choposa cha ku situdiyo chija n'chimenechi?" Nyimbo inayambanso, apongozi anaika nkhata yawo, madala akumwetulirabe pabulauzi.

Patapita masiku ndinakatsukitsa chithunzi chenicheni, cha m'galasi, ndinagulanso sopo, n'kupita ndi mkazi wanga kukapepesa. Ndinakhala pakhonde ngati kale, apongozi kuseri kwa chitseko. Chithunzi analandira, sopo anabweza.

"Auzeni amuna anuwo kuti bulauzi ija sindichapa," ndinawamva akuuza mwana wawo. "Bambo anu zaka zonsezi sanandigwirepo ngakhale dzanja pagulu, ankati n'zachibwana. Tsiku lomaliza andikumbatira Kawale yense akuona."

Chithunzi changa chokongolacho chili pakhoma, koma alendo akabwera chimene amawatulutsira m'sutikesi ndi bulauzi.

Munganene kuti ndinaphunzirapo. Inenso ndinkaganiza choncho. Koma mapepala aja akadali pansi pa bedi (kutaya zinthu zonyezimira n'kovuta), ndipo posachedwapa, tili pamsonkhano wokonza chinkhoswe cha mlamu wanga, amalume anafunsa kuti za zithunzi ayendetsa ndani. Ndinangoona dzanja langa likukwera lokha. Mkazi wanga analitsitsa ndi manja awiri.