Zotsala za Mabulosi a Mtengo Wanga

Lolemba
Mlanduwu unayamba Lachitatu la Phulusa, chaka chimene ndinapuma uphunzitsi. Tsikulo a Chisale, oyandikana nafe, anamanga mpanda, ndipo mtengo wa mabulosi umene ndinabzala ndekha unapezeka uli mbali yawo. Sitipatsana moni mpaka lero.
Akazi awo amafinya mabulosiwo n'kukagulitsa madzi ake pa Chimbiya. Zotsala, makoko ndi tinjere, amapatsa nkhumba. Umbuli! Zambiri zothandiza thupi zimatsalira m'makokomo.
A Nabanda, akazi anga, chitulukireni m'chipatala sakudya. Masupuni awiri a phala, basi. Dongosolo langa: kutenga zotsalazo, kuyanika, kusinja, kuthira m'phala lawo. Kupempha ayi. Munthu sapempha zake zomwe.

Lachiwiri
Ndowa ya zotsala ili kuseri kwa mpanda, isanapite kukhola. Ndikupisa dzanja pakaboo kamene kali pampandapo. Zopindula: chikho chodzaza. Zoluza: batani la malaya, ulemu pang'ono.

Lachitatu
Ndayanika palichero. Nkhuku zathu zomwe, zimene ndimadyetsa ine, zamaliza zonse! Khonde lonse zitosi zofiirira.

Lachinayi
Ndatapanso, ndayanika padenga. Masana mvula ya chizimalupsa, yosachenjeza. Madzi ofiirira akutsika pakhoma limene ndinapaka laimu. A Nabanda ali pazenera: “Bambo, nyumba yayamba kulira vinyo?” Akuseka mpaka kutsokomola. Kuseka kumeneku ndinali nditakuiwala.

Lachisanu
Zodabwitsa. Lero zotsala zili m'mbale yotsuka bwino, yovindikira ndi kansalu, pakaboo penipeni. Anthu osasamala katundu! Ndikukazinga pachiwaya kuti ziume msanga. Zapserera. Utsi mpaka kwa a Chisale.

Loweruka
Ufa palibe. Manja ofiirira mpaka m'zikhadabo. Ndayesa sopo, phulusa, ndimu, mwala. Osachoka. A Nabanda masupuni awiri omwe aja. Mphete yaukwati yayamba kuvuka yokha pachala chawo. Ndikuchita mantha.

Lamulungu
Misa ku Kabwazi. Pa moni wa mtendere, wotembenuka kutsogolo kwanga ndi a Chisale. Pothawira palibe. Akuyang'ana dzanja langa nthawi yaitali, kenaka akuligwira ndi manja awiri. “Mtendere, aphunzitsi. Mayi adzukako bwanji?”
Masana akazi awo akufika ndi mbale ija, kudzera pakhomo lakumaso. Akutakasira zotsala m'phala lotentha, n'kukhala pamphasa. Ndili pakhonde, ndikumva: “Idyani, asisi, aphunzitsi angathyoke mkono pampanda paja.” Kuseka. Nkhani za zaka zonsezi. Mbale ya phala yatuluka yopanda kanthu!
A Nabanda akuti chawadyetsa ndi macheza. Ine ndikuti ndi makoko. Sinditsutsana ndi wodwala.
Mbale yawo ndikabweza ndekha mawa, ndipo mwina ndipereka moni. Koma zisasokonezeke. Ngongole ya a Chisale ikadalipo: mtengo umodzi wa mabulosi, ndi “pepani” mmodzi.