Mfumukazi ya makaka

Lolemba
Loweruka lapitali ndinagonja kwa a Mwamadi, telala wa pa Jenala. Ine amene ndinabwera ndi chesi kuno pochokera ku nkhondo ya ku Bama! Pakhonde pawo pali mipando iwiri basi. Wogonja kawiri motsatizana amasiya mpando n'kukhala pansi ndi oonerera. A Namakhwa, mkulu mnzathu, akuudikira kale. Loweruka lino tibwereza.

Ndikuyalanso masewera aja kuno kwathu, ndione pomwe ndinalakwa. Bolodi lenileni lili kwa telala. Langa ndajambula ndi makala pachitseko chakale. Asilikali ndasema a makaka, chinangwa chouma chija. Anga oyera, awo ndapaka mwaye.

Lachiwiri
Zonse zili pamalo pomwe zinthu zinayamba kuipa. Malamulo a pabanja: osakhudza, osasesa, osafunsa. Mayi a kunyumba: "Makaka ayamba liti kukhala ndi mfumu?"

Lachitatu
Cholakwa sichikuoneka. A Namakhwa abwera, ati kudzathandiza. Iwo akuti hatchi yanga inali uku, ine ndikuti uko. Akulankhula uku akutafuna. Sindikufunsa, mlendo ndi mlendo.

Lachinayi
Ndaipeza njira! Bishopi adutse pakati, womuletsa palibe, mfumu yawo ilibe kothawira. Nanga tsiku lija maso anali kuti? Ndikumeta ndevu kukonzekera Loweruka.

Lachisanu
Ndikubwereza, ikutheka. Ndikubwerezanso, ikutheka. Bolodi likuoneka lotakasuka kusiyana ndi Lolemba, kaya ndi mtima chabe. Ndatumiza mawu kwa a Namakhwa kuti abwere ndi mphasa yawo.

Loweruka
Khonde ladzaza. A Mwamadi akuyamba monga muja, ine chimodzimodzi. Bishopi akudutsa pakati. Mfumukazi yawo yamudya! Ya mtengo wa m'bawa, inali itangokhala pakona phee. Kwathu mfumukaziyi kulibe chichokere Lachitatu.
A Mwamadi: "Pepani achimwene, mwabwera naye nokha."
A Namakhwa akupukuta mpando ine ndisanaimirire bwino.

Lamulungu
Kutchalitchi, kenako kunyumba. Osowa pachitseko: mfumukazi yakuda ndi asilikali ake awiri. A Namakhwa pobwera kutchalitchi akuti: "Ndimayesa ndi zolandirira alendo. Koma zimawawa mwaye." Otsala mayi awaphika ndi nandolo.

Zikundiwawa, kubisa ayi. Loweruka ndikakhala pansi, ndipo oonerera saloledwa kutsegula pakamwa ngakhale ataona munthu akulakwitsa. Lamulo limenelo ndinaika ndine.