Nkhonya za Mkamwini Pamaso pa Apongozi

Senderani kuno, ana inu, siyani kaye kusankha fodyayo, sathawa. Iwe uli kumapetoko, amene ukuseka chobisa pakamwa, bwera pafupi ugwire phewa ili. Wamva? Ndi mnofu umenewo? Ndi mwala. Amene akuti ine Chitsa ndimanama aimirire pompano ndimuone nkhope, chifukwa ndikayamba sindifuna wina azitsokomola pakati. Ndikanama, mphenzi inding'ambe dzuwa likuswa mtengo chonchi.

Nkhondo ya Ajeremani idali itangotha kumene, ine ndili wonyamula machila pa boma la Dowa. Tinkasenza mzungu wolemera ngati nkhokwe yodzaza, kukwera naye zitunda za ku Chezi, kutsika, kukweranso mpaka phiri la Ntchisi tili chothamanga, anzanga akusinthana mapewa koma ine ayi, moti tsiku lina mtengo wa machila ndi umene udatopa n'kuthyoka ine thukuta lisanatuluke. Malo anga adali kumbuyo. Wakumbuyo saona njira, amangoona mapazi a mnzake pansi pa nsalu, ndipo akaphonya phazi limodzi mzungu wagwa, chikoti chapeza wakumbuyoyo. Sungani mawu amenewo.

Ndidakwatira Nambewe kumudzi kwawo, m'tsinde mwa phiri la Ntchisi, n'kukhala mkamwini. Ndidamanga nyumba, ndidalima munda wa apongozi, Mulungu n'kutipatsa mwana wamkazi. Koma apongozi angawo, mayi ake a Nambewe, nkhope yawo sindinkaidziwa. Mwambo udali wolimba, osati zanu za lerozi: ukamva akubwera unkalowa patchire ngakhale pali chitedze, ndipo mkamwini wowayang'ana m'maso ankatengedwa ngati watukwana mudzi wonse. Ine ndinkangodziwa katsokomoledwe kawo ndi kulira kwa munsi wawo pamtondo.

Ndiye kudatulukira Layisoni. Ameneyu adatomera Nambewe kalekale, n'kupita ku migodi ya ku Halale, n'kukhala mtchona mpaka anthu kumuiwala. Adabwera ndi bokosi lachitsulo, nsapato zoyera, ndi dzina latsopano, Kamvuluvulu, chifukwa m'makomboni akumeneko adagwetsa aliyense wokhala ndi manja. Adati akufuna mkazi wake. Atsibweni ake a Nambewe, atavekedwa jekete ya mabatani owala ndi Layisoniyo, lilime lidawafewa, n'kugamula kuti poti tonse ndife a nkhonya, wogwa anyamule mphasa yake. Mukumva? Mkamwini akachotsedwa amatenga khasu ndi mphasa basi. Mwana amatsala, ndi wakuchikazi.

Nambewe adangondiuza kuti, "Abambo ake a mwana, mukagwa musadzukenso, ndidzakukwirirani pomwepo. Ine kwa wonunkha sopoyo sindipita."

Anthu adakangana za ife mpaka mowa kusasa m'mitsuko. A ku Ntchisi ankati Kamvuluvulu ali ndi mkono wautali woti akhoza kukumenya ali kutsidya la mtsinje, amavina chonyang'ama, amajompha ndi lamanzere ngati nkhuku pamsere mpaka maso ako atatseka, ndiyeno lamanja limabwera kudzakuika m'manda. A ku Dowa ankati azivina, Chitsa sasuntha, amalandira zibakera ndi chipumi, amayenda pang'onopang'ono mpaka atakununkhiza, ndipo akakufika pachifuwa mkono wautaliwo umangokhala ngati chingwe. Iye ankafuna malo, ine ndinkafuna kufupi. Iye ankamenya kambiri kuti akutopetse, ine kamodzi kuti ugone. Nkhani idali yakuti, chiyambe kutopa n'chiyani, miyendo yake kapena chibwano changa?

Tsikulo lidafika, m'mawa, chimanga chitalowa kale m'nkhokwe. Anthu adachokera ku Nachisaka, ku Mtengowanthenga, ena kukwerana pamapewa, ngakhale anyani adatsika m'phiri n'kudzaza m'mitengo osaba kanthu. Titangoyamba munthu uja adazungulira, adazunguliranso, mpaka ndidaona a Layisoni ambirimbiri, wina kutsogolo, wina kumbuyo, wina akundimenya wina akundiseka, fumbi kukwera mpaka kuphimba dzuwa, nkhuku kulowa m'khola poyesa kwada, koma ine phee, chibwano pachifuwa, phazi limodzi, linanso, kumudulira njira monga timachitira ndi mbuzi yothawa, kumukankhira pakati pa nkhokwe ziwiri pomwe kamvuluvulu sangazungulire. Ndidamva mpweya wake wayamba kulira. A ku Dowa adayamba nthungululu. Padatsala pang'ono, ana inu, pang'ono chonchi.

Pamenepo ndidamva chifuwa. Kho, kho.

Chifuwacho ndinkachidziwa. Apongozi adali atafika, aima pamtondo wawo m'mbali mwa bwalo. Ndipo Layisoni, poti adakulira m'mudzi momwemo, adamvanso, n'kumwetulira. Adapulumukira kunsi kwa mkono wanga, n'kukaima patsogolo penipeni pa mayiwo, kuwapatsa msana, kuti ndikafuna kuona nkhope yake ndione ndi yawo yomwe.

"Dzutsa mutu, mkamwini!" adafuula. "Kapena wataya singano?"

Atsibweni maso tong'o pa ine. Ndikayang'ana, mwambo wandichotsa pamudzi. Ndikapanda kuyang'ana, nkhonya zindichotsa. Mukumva msampha umenewo? Ndidazolika.

Mmene adandimenyera munthu ameneyo sindifuna kukumbukira nditadya. Zibakera zinkagwa ngati matalala, pakhutu, pamphuno, paliwombo, diso ili lidatseka, dzino lidauluka n'kukapha nkhanga kudambo, mutu udatupa mpaka mthunzi wake anthu kubisalamo dzuwa, mawondo anga amene sadagwadirepo phiri lililonse adayamba kunong'onezana zoti tikhale pansi, ndipo kutali ndinkamva mwana wanga akulira kumsana kwa amake, ine n'kumaganiza kuti mawa lino mwana ameneyu aziti bambo kwa munthu wa nsapato zoyera.

Nsapato zoyera. Ndi zokhazo zimene ndinkaona. Ndipo poziyang'anitsitsa ndidazindikira kuti ndabwerera pantchito yanga, kumbuyo kwa machila. Mapazi ali ndi nyimbo, ana inu, ndipo sanama ngati nkhope. Lamanzere linkagunda kawiri, lamanja n'kutsatira. Koma akafuna kuponya chibakera chachikulu chija, chidendene chakumanja chinkadzuka, lamanzere n'kukhwekhwereza fumbi, ndipo kwa kamphindi munthu yense ankakhala wopanda mizu. Ndidayamba kuimba chamumtima nyimbo yathu yokwerera zitunda, kulowetsa mapazi anga m'mapazi ake. Ndidalola chimodzi chindipeze. Ndidalola chinanso. Chidendene chitangodzukanso ndidalowa, phewa pachifuwa pake, maso ali pansi, n'kutulutsa chibakera chochokera m'nthaka, chodzera m'bondo, m'chiuno, m'phewa lomwe wagwirali, mpaka pachibwano.

Phokoso lake lidamveka ku boma la Dowa, asilikali n'kuthamangira mfuti poyesa Ajeremani abweranso, anyani adayoyoka m'mitengo ngati masuku, Layisoni adakwera m'mwamba mpaka kukaona Halale kumene adachokera, n'kudzagwa pamapazi pa atsibweni, pomwe nsapato zake zidatsala pabwalo zikuvinabe zokha mpaka dzuwa kupendeka. Atatsitsimuka adafunsa ngati mgodi wagumuka. M'mawa mwake adasenza bokosi lake, ndipo atsibweni adamuthamangira kukamubwezera jekete ija.

Tsono pali anthu a kaduka. Amati phokoso lidamveka kawiri. Amati chotupa cha Layisoni chidali kunkhongo, osati pachibwano. Amatinso munsi wa apongozi udapezeka utang'aluka tsiku lomwelo, ndipo Nambewe, mpaka tsiku lomwe adatisiya, ndikafika pamenepa ankaseka mpaka kugwira nthiti. Ine ndimati, nanga chodabwitsa n'chiyani? Chibakera changa chidalowa pachibwano, n'kutulukira kunkhongo, mphamvu yotsala n'kukang'amba munsi. Zina zimene zidachitika kumbuyo kwa munthuyo ndikadaziona bwanji? Ndidali mkamwini wamwambo ine, maso adali pansi.

Kungoti sabata yomweyo ndidakwera m'phiri, ndidasema munsi watsopano wa mtengo wolimba, n'kukautsamiritsa pakhonde pawo popanda wondituma. Ndikuchoka, m'nyumbamo mudamveka chifuwa. Kho, kho. Koma sikudali kutsokomola kumene ndinkakudziwa kuja, kudali ngati kuseka kobisa.

Mwana ankalira uja ndi agogo ako, iwe wakumapeto umaseka uja, ndipo adakula akunditchula ine bambo. Ndiye ana inu, ine mano atha, mpweya ukuchepa. Nkhaniyi musaisiye m'chigafa muno, mukaipatse ana anu. Mukawauze kuti Chitsa adagwetsa Kamvuluvulu ali chozolika. Za munsizo mukhoza kutchula, koma motsitsa mawu.