Zaka Zachete za a Lachie Drennan

Kwathu kuno, kufupi ndi Prestwick, ukangopatsa moni a Lachie Drennan, yankho lake linkayambira chaka cha 1860. Madalawa anakalamba akunyamulira anthu matumba a ndodo za gofu, ndipo mbiri yonse ya mpikisano waukulu wa gofu wa Open inali m'mutu mwawo: chaka, bwalo, wopambana, ndi kuti kampirako anakamenya kangati. Tsiku lawo lobadwa ankachita kufunsa, koma izi ayi.

"1860, Prestwick pompano, amuna asanu ndi atatu basi, wopambana anamenya ka 174..."

Akangoyamba choncho, aliyense ankakumbukira kuti wasiya ketulo pamoto. A Fergus ogulitsa nyama akawaonera pawindo ankathawira m'chipinda chozizira chosungiramo nyama.

"Fergus, tuluka, nsapato zako ndaziona!"

"Ndachokapo, madala! Mwafika chaka chanji?"

"1888."

"Ndiye nditsekereni, ndiumire momwemuno."

Kutchalitchi nakonso kunalibe mtendere. Abusa atangoti, "Tiyimbe nyimbo nambala 290," a Lachie, atakumbukira wopambana amene anamenya ka 290, anadzuka njo! "St Andrews, 1939!" Atakhala pansi anadzukanso. "Ndi 1946, St Andrews yomweyo, 290 yomweyo. Nkhondo yonse ija, nambala osasuntha!" Kuyambira pamenepo abusa nyimboyo ankailambalala.

Koma anali ndi mwambo wawo. Zaka zimene mpikisano sunachitike sankazidumpha. Akafika pa 1871 ankavula chipewa, kuweramitsa mutu, kupuma kamodzi ali chete. Pa zaka za nkhondo yoyamba ya padziko lonse ankapuma kasanu, pa yachiwiri kasanu n'kamodzi. "Chaka sachidumpha," ankatero. "Nachonso chinabwera, kungoti chinapeza kulibe anthu."

Chimene chinkawadya mumtima n'choti palibe anawamvetserapo mpaka kumapeto. Mkazi analibe, mwana analibe. "Ndikafa ine, zonsezi zikalowa nane m'bokosi," ankauza mbalame za kunyanja, nazonso n'kuuluka.

Ndiye kunabwera Shona, mtsikana wamanyazi wochokera kuzilumba, amene mwamuna wake ankatha milungu ali pakati pa nyanja kokumba mafuta. Kuno sankadziwa munthu, ndipo khanda lake, Ailsa, linkalira ngati lalumidwa ndi mavu. Masana ena anakhala pabenchi ya pafupi ndi bwalo la gofu, akugwedeza kangolo ka mwanayo. A Lachie anakhala pambali pake, kuthothola udzu, kuuponya m'mwamba kuti aone kolowera mphepo, n'kuyamba. Shona anafuna kuthawa ngati anzake onse, koma manyazi anamugwira miyendo. Adzuka bwanji munthu wamkulu akuyankhula?

Atalakatula zaka zija kufika pa 1915, chipewa chinavulidwa, ndipo m'kati mwa kupuma kusanu kuja Ailsa anagona tulo tofa nato.

"Mwaona, mayi a Ailsa? Mwanayu ali ndi ulemu kuposa Fergus."

Shona anangomwetulira akuyang'ana nsapato zake. Mawa lake anabweranso, mkuja chimodzimodzi, chilimwe chonse, osatulutsa liwu loposa "zikomo". Akabwerera kunyumba kuja kopanda woyankhula naye, ankapezeka akutsuka mbale uku zaka zikuyenda zokha pamilomo.

Tsiku lina mphepo itayamba kuzizira, a Lachie anamaliza kupuma kwa nkhondo yachiwiri, kuvala chipewa, n'kuti, "1946, St Andrews..." Zii. Shona anadikira. Chipewa chinali kumutu, ndiye sikunali kukhala chete kwa mwambo. Madalawo anangoti maso mwaa ngati munthu wasochera pakhomo pake pomwe.

"290, agogo," anatero Shona motsitsa mawu. "Ngati 1939."

A Lachie anamucheukira, kenako anapukuta m'maso ndi chipewa chija.

"Kani mumayankhula? Ine chilimwe chonsechi ndimayesa ndikuphunzitsa khandali! Chabwino, 1947, tiyeni nayoni."

Kuyambira tsikulo wonena anali Shona, iwo n'kumangomukonza mokalipa, nkhope ikuwala. Anafika kumapeto katatu konse. Ulendo wachitatuwo sanamukonze paliponse, anangoti, "Basi, tsopano thumba ndatula."

Anamwalira mu Novembala, m'mawa wina wopanda mphepo. Pamaliro abusa anatsegula buku, kukhosomola, n'kuti, "Tiyimbe nyimbo nambala 290." Sanayambitse. Anangoima akuyang'ana mpando wopanda munthu uja. Tchalitchi chonse chinali zii, mpaka kumbuyo kunamveka kamawu konjenjemera ka Shona: "St Andrews, 1939." A Fergus, chimunthu chonse chija, analira mokweza ngati Ailsa.

Masiku ano ketulo zathu sizipsereranso pamoto, ndipo a Fergus amangokhala pawindo, kuyang'ana msewu, popanda womuthawa. Masana ukadutsa pabenchi paja upeza Shona yekha ndi kangolo kake, akunong'ona zaka zija chimodzichimodzi. Chipewa alibe, ndiye pa zaka zachete amangogwira pachifuwa. Akafika kumapeto samadzuka msanga. Amapumanso kamodzi pa chaka chimene a Lachie anatisiya, mutu uli pansi, ngakhale kuti chaka chimenecho mpikisano unachitika ndithu.