Tiyi wa Kiriketi kwa Tengani

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa kwa Tengani pali anthu amene amandikwezera m'mwamba kapu yosaoneka, ena n'kumatsokomola mwadala. Ine ndimangowapatsa moni n'kupitiriza kupalasa njinga yanga. Aseke. Amene akusekawo ndi omwe aja anamwa nawo, ndipo ena mwa iwo anabwereza.

Nkhani inayamba ndi denga. Pachipatala chathu chaching'ono pali nyumba imene amayi oyembekezera ochokera kutali amadikiriramo tsiku lawo, ndipo chimphepo chinasasula denga lake lonse. Amayiwo ankagona pansi pa mtengo, mvula ili pafupi. Komiti ya chipatalacho inatituma anthu atatu kukapempha malata kwa bwana wina wa sitolo ya zomangira ku Bangula. Ine anandisankha chifukwa ndine mphunzitsi komanso ndimayimbitsa kwaya, ndiye ankati pakamwa ndili napo.

Bwanawo tinawapeza akuonera pa kanema anthu ovala zoyera ataimirira padzuwa ngati akakowa m'dambo.

"Iyi ndi kiriketi," anatero asanatifunse n'komwe chimene tadzera. "Ndinkasewera ndili pasukulu kunja. Koma inu mungaidziwire kuti? Zanu ndi bawo ndi mpira wachikulunga."

Anzanga aja anaseka mwaulemu, poti wopempha sakwiya. Ine sindinaseke nawo. Ndinawauza kuti kwathu kiriketi timaidziwa mpaka timachita kuiyimba. (Liwulo ndinali nditangolimva kumene kwa iwo omwewo.)

Bwana anandiyang'ana kuyambira kunsapato. "Chabwino, aphunzitsi. Mukandionetsa kiriketi kwa Tengani, denga lonselo ndifolera ine."

Pobwerera anzangawo sanandilankhule mpaka tinatsika minibasi. Koma mawu anali atatuluka kale, ndipo ine si munthu womeza malovu anga omwe. Ndinalengeza kuti tikonza sewero loyimba la kiriketi, loyamba m'mbiri ya chigwa chino, ndipo wolowera pakhomo azisiyako kangachepe kogulira misomali.

Vuto linali loti m'mudzi monse munthu mmodzi yekha ndi amene anaionapo kiriketi ndi maso: a Zuze, mkulu wina amene anagwira ntchito zaka makumi atatu kukalabu ya mabwana a kumunda wa nzimbe. Ndinapita kwawo ndi kope ndi cholembera. Chimene sindinafunse n'chakuti kukalabuko ntchito yawo inali yotani.

"Kiriketi njosavuta, aphunzitsi," anayamba choncho. "Wina aponya, wina amenya, awiri athamangathamanga. Koma zimenezo n'zongodikirira. Ikakwana folo koloko onse amasiya, n'kubwera ku tiyi."

"Nanga wopambana amadziwika bwanji?"

"Zimenezo sindinkaziona. Nthawi imeneyo ndinkakhala ndikutsuka makapu."

Za mpira anafotokoza kwa mphindi ziwiri. Za tiyi anafotokoza mpaka dzuwa linapendeka: kayalidwe ka nsalu patebulo, mbali imene chigwiriro cha kapu chimaloza, mkaka kuyamba kapena kutsiriza. Munthu wanzeru akanazindikira pomwepo kuti akumva kiriketi ya kukhitchini. Ine ndinalemba zonse, n'kuikonza nkhani ya seweroli kuti pachimake pake pakhale pa tiyi.

Tinakonzekera milungu isanu. Matabwa omenyera mpira tinachita kudula nkhafi zakale za asodzi. Zotchingira miyendo zinali makatoni a sopo omanga ndi luzi. Zovala zoyera tinabwereka mayunifolomu a kwaya zitatu, kuphatikizapo ya mpingo umene sitigwirizana nawo pa nkhani ya ubatizo. Oimba valimba, mangolongondo a kwathu kuno, anavomera kutiimbira. Ine ndinadzipatsa udindo wa woweruza, munthu amene a Zuze anati amangoima pakati atavala chikhoti choyera n'kumakweza chala. Chikhoticho ndinabwereka kwa wogulitsa nyama pamsika, ndipo ngakhale mkazi wanga anachichapa katatu, agalu ankanditsatirabe. Nsanja tinaimanga m'holo ya sukulu ndi matabwa oyala pamigolo isanu ndi umodzi. Kalipentala anandichenjeza kuti isapitirire anthu khumi ndi asanu.

Pa nkhani ya tiyi m'pamene tinakangana ndi mayi Nyathando, wapampando wa komiti. Iwo ankati tingogwira makapu opanda kanthu n'kumayerekeza kumwa, monga amachitira m'masewero onse.

"Bwana aja anatinyoza, mayi," ndinawayankha. "Ndiye tikawaonetse makapu a mphepo? Tiyi akhala weniweni, wamkaka, ndi zitumbuwa zomwe."

"Aphunzitsi, makani anuwa adzakupwetekani tsiku lina."

Ndinapambana ndine. Amayi amene anadzipereka kuphika anabwera ndi chimphika chija timaphikira pamaliro, poti iwo kuphikira anthu khumi okha amati n'kusewera ndi nkhuni.

Lamulo limodzi ndinalibwereza tsiku lililonse pokonzekera. Ndinkawauza osewera kuti mukakwera pansanja, oonerera kulibe. Musawayang'ane, musawapatse moni, ngakhale akhale malume anu. Amene ankaiwala ndinkamukalipira pamaso pa anzake. Mulikumbukire lamulo limeneli, chifukwa ine sindinalikumbukire.

Tsikulo linafika, Loweruka masana mwezi wa Okutobala, kutentha koti ndi mbuzi zomwe zinakana kuchoka pamthunzi. Holo inadzaza mpaka ena anakhala m'mawindo. Bwana anabwera pagalimoto atavala chipewa choyera, tinawakhazika pampando wa ahedi. A Zuze anakhala pambali pawo atavala jekete. Ndipo pamzere woyamba womwewo, moyang'anizana ndi pamene ndinkaima ine, panali apongozi anga, mayi a mkazi wanga, amene anayenda wapansi kuchokera kumudzi kudzaona zimene mkamwini wawo akuchita.

Gawo loyamba linayenda bwino, ndipo izi ndizinena mpaka kumanda. Nyimbo ya "Ponya, mwana wa Shire, ponya" anthu anailandira ndi nthungululu. Mpira unatulukira pawindo kawiri kokha. Bwana ndinawaona akugwira pakamwa, ine n'kumati nyimbo yawakhudza. Ndinkakweza chala paliponse pamene ndaona kuti pakuyenera, ndipo aliyense amene ndamukwezera ankatuluka akuvina.

Kenako belu linalira, tiyi n'kulowa. Tebulo, nsalu, makapu zigwiriro zitaloza kumanja monga anatiphunzitsira a Zuze. Fungo la mkaka ndi zitumbuwa linayenda m'holo monse, anthu amene anali asanadye kanthu chiyambire m'mawa anangoti zii. Ine monga woweruza ndinayenera kuyamba kumwa. Ndinanyamula kapu, ndinaifikitsa pachibwano, ndipo m'pamene maso anga anagwera pa apongozi.

Anangondiyang'ana, manja ali pamiyendo, milomo itauma ndi ulendo. Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala pabanja, sindinayikepo chakudya m'kamwa iwo akuona, ndipo lero ndimwe tiyi wamkaka pamaso pawo osawaitanira? Mutu unkandiuza kuti oonerera kulibe. Koma mawondo anapinda okha, kapu inatsika, ndipo ndinamva pakamwa panga pakunena, mokweza bwino ngati mmene ndimaphunzitsira ana:

"Tiyeni timwe, mayi."

Ndinkanena kwa munthu mmodzi. Koma mawu amenewa kwathu kuno akatuluka alibe mpanda.

Woyamba kuimirira anali a Zuze. Anakonza jekete, anakwera masitepe pang'onopang'ono, anatenga kapu n'kukhala patebulo. Anthu ataona kuti mkulu wodziwa kiriketi wakwera, anati ndiye kuti malamulo ake ndi amenewa. Mzere wachiwiri unanyamuka. Wachitatu unatsatira. A m'mawindo anatsika. Wina anathamangira kunyumba kukatenga kapu yake. Ine ndinkakuwa kuti bwererani, n'kumakweza chala changa cha uweruzi, koma iwo ankayesa ndikuti aliyense kapu imodzi, ndipo ankandiyankha kuti, "Takhuta, zikomo aphunzitsi, imodzi yakwana." Oimba valimba, poona chikhamu, anawonjezera liwiro.

Nsanja ya anthu khumi ndi asanu inapirira ndithu, ndiyenera kumuyamikira kalipentala uja. Kenako mgolo wapakati unatsetsereka, matabwa anatseguka pansi panga, ine n'kulowa chamatako mumgolo wina umene unalibe chivundikiro. Ndinapindika ngati mpeni wam'thumba, miyendo m'mwamba, chikhoti chitandiphimba kumaso. Amene anaona amati chala chokha chinatsala kunja chili chiimire. Palibe anavulala kupatula ulemu wanga, ndipo pondisolola anachita kugwira amuna atatu, wina atagwirabe chitumbuwa kudzanja linalo.

Ndinaimirira. Sindinaganize za msana wanga ayi, ndinaganiza za amayi aja pansi pa mtengo. Bwana anali chikhalire pampando wa ahedi, ndipo pa anthu onse m'holomo palibe anawapatsa tiyi.

"Aphunzitsi," anatero, "nyimbo ndamva, migolo ndaiona. Koma kiriketi sindinaione."

Amene anayankha ndi a Zuze. Anali atakhala pathabwa lothyoka, kapu ili m'manja, osatayika ngakhale dontho.

"Ine ndaiona, bwana. Zaka makumi atatu ndathira tiyi ameneyu, kuima kumbuyo kwa tebulo manja kumsana. Palibe tsiku limene wina anati, Zuze, khala pansi umwe nawo. Lero ndamulawa." Anapsontha pang'ono. "Pyadidi, ngwabwino ndithu. Shuga yekha wachepa."

Bwana anavula chipewa chawo, anachiyang'ana m'kati kwa kanthawi, kenako anatuluka osatsanzika. Mayi Nyathando anandiyang'ana ndi diso loti ndinakuuzani, ndipo sabata yonse ndinkadzera njira yakumunda kuti ndisadutse pachipatala.

Lachisanu lotsatira lole inatsitsa malata pachipatalapo, okwanira denga lonse, pamodzi ndi paketi ya shuga yolembedwa dzina la a Zuze. Panalinso kakalata kanga. Bwana analemba kuti malatawo apereka ndi mtima wonse, pokhapokha ndilonjeze kuti gawo lachiwiri la seweroli silidzaonetsedwa kwina kulikonse iwo ali moyo. (Gawo lachiwiri ndiye linali ndi nyimbo zabwino, koma ndinasayina.) Mvula yoyamba inapeza amayi aja ali m'nyumba.

Apongozi anga, amene ndinawaitanira tiyi uja, sanamwe. Sakanakwera pansanja kukamwera pamaso pa mkamwini. Anangomuuza mkazi wanga pobwerera kuti, "Mwamuna wakoyu nzeru n'zapatalipatali, koma analeredwa."

Komiti inakhala pansi n'kugwirizana kuti phunziro lake n'lakuti pa sewero makapu azikhala opanda kanthu. Ine ndinakana, ndipo ndikukanabe. Tiyi sanalakwe, pakamwa panga sipanalakwe. Inachepa ndi migolo.