Dzungu la Pakabati

Usiku wathawu, anzanga, ndalota dzungu likundilankhula. Usaseke, Fanesi, ndi iwenso Dolofe siya kaye kuyala kaunjikayo, ndani angabwere kudzagula ndi chiperoni chotere? Ine lero sindiyala n'komwe. Ndangobwera kudzabwereka sefa, koma mumve kaye.

Mukudziwa kuti chimwalirireni mayi mu Malichi, ababa sakudya. Mano anatha kale, tsopano watha ndi mtima womwe. Sabata ino masiku atatu angomwa tiyi basi, ndipo lamba wa buluku amuboolanso kachiwiri. Ndiye pakabati pathu pali dzungu limodzi, aja a khosi lalitali amene m'masitolo amati batanati. Ndi lomaliza la m'dimba la mayi. Ababa analetsa kulidula, ndipo m'mawa uliwonse amalipukuta ndi duku wa mayi. Dzulo ndinaona kabanga kakuda kunsi kwake, kusonyeza kuti layamba kuwola. Ndinagona ndi nkhawa imeneyo, komanso ndi mawu ako, Fanesi, a supu wa maungu uja unkaphika ku loji, woti munthu amangomwa ndi sipuni osatafuna.

Ndiye kutuloko kunali masana, dzuwa lilipo koma lozizira. Ndikusesa pabalaza, ndingomva wina akutsokomola pakabati. Kucheuka, dzungu!

"Enelesi," likutero, "miyezi itatu yonseyi mukungondiyang'ana, kodi ndine wotchi ine? Ndiphike."

Ine kudabwa ayi, ngati kuti timacheza tsiku ndi tsiku. Ndinangoti, "Ababa anakaniza."

"Ndiye tiye ku boma tikatenge chilolezo."

Ndinalibereka kumbuyo ndi chitenje ngati khanda, ndiye mwadzidzidzi tili m'minibasi. Minibasiyo sinkayenda pamsewu ayi, inkadutsa m'mizere ya tiyi pang'onopang'ono, masamba akukhula mawindo. Kondakitala wake anali mpeni wathu wakukhitchini, uja wa chigwiriro chomanga ndi mphira. Unali utapachikika pakhomo nkhope ili gwaa.

"Mwadzuka bwanji, akondakitala?" ndinatero.

"Ndadzuka wobuntha," unayankha mpeniwo. "Chichokereni mayi ako palibe wandigwiritsako pamwala. Ngakhale tomato amandiseka."

Ndinachita manyazi, chifukwa zinali zoona. Ndinaunyamula n'kuusomeka m'chiuno, ndiye minibasi inatsala yopanda kondakitala, koma palibe anadandaula.

Mwadzidzidzi tili mu ofesi. Makoma ake anali a nkhungu yokhayokha, koma chitseko chinali chenicheni, chokhala ndi chikwangwani choti: Zilolezo Zodulira Maungu. Patebulo panali kalaliki wa tayi yofiira, waulemu wake ndithu.

"Dzina la dzungu?"

"Lilibe, bwana."

"Linabadwa liti?"

"Mayi anadzala mvula yoyamba."

"Chiphaso chake?"

Ndisanayankhe, khosi la kalalikiyo linayamba kutalika, jekete yake inachita mawangamawanga oyera, tayi ija n'kukwera kukakhala pansi pa mlomo. Nkhanga, anzanga! Inajompha pepala langa katatu, kumeneko ndiye kudinda kwake, n'kuuluka kukatera pa fani ya kudenga uku ikukuwa kuti tipite kwa bwana wamkulu.

Tikuyenda m'khonde la ofesiyo ndinamva chinyezi kumsana. Dzungu linandinong'oneza kukhutu kuti, "Fulumira, kabanga kaja kakukula." Apo mtima unandiwawa, chifukwa linanena ndi mawu otopa ngati mmene ankalankhulira mayi masiku omaliza.

Bwana wamkulu anali bambo wonenepa, wofatsa, akumwa tiyi m'kapu ya maluwa. Anandimvetsera bwinobwino mpaka ndinamaliza.

"Mwini dzungu ndani?" anafunsa.

"Mayi anga."

"Abwere adzasayine."

"Anamwalira, bwana."

"Pepani kwambiri. Ndiye mudikire, akabwera adzasayina."

"Bwana, dzunguli likuwola, ababa sakudya!"

Iye anangogwedeza mutu mwachisoni. Mutuwo unayamba kulowa m'kolala pang'onopang'ono, manja analowa m'malaya, suti ija n'kuuma kusanduka chigoba. Pampando panatsala fulu. Kuchokera m'kati mwa chigobamo ndinangomva kamawu koti, "Bwerani mawa."

Ine ndiye ndinakhala pansi pomwepo n'kuyamba kulira. Koma mpeni unandibaya pang'ono m'chiuno n'kuti, "Akuti mwini wake asayine, si choncho? Nanga bwanji osapita kwa iwowo?"

Kuseri kwa mpando wa fulu kunali kachitseko kansungwi. Ndinakankha, ndiye mwadzidzidzi ndili m'dimba lathu la kumtsinje, nkhwani wayanga paliponse, maluwa achikasu ali mbwee. Mayi anali pomwepo, atakhala pamwala paja ankapumulira, atavala jekete yakale ya ababa. Mbaula ikuyaka pambali pawo. Ndinkafuna kuwakumbatira, kuwauza zonse za miyezi itatuyi, koma mukuwadziwa mayi. Anangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Wachedwa. Ndipo waonda. Tula mwanayo."

Ndinatula dzungu pa udzu.

"Ukufuna kuliphika bwanji?"

"Supu, mayi. Wa ku loji, anandiuza Fanesi."

"Supu wa dzungu? Ndiwo yake chiyani?"

"Alibe ndiwo. Amangomwa."

Mayi anaseka mpaka kugwira nthiti. "Fanesi ameneyo! Chabwino, tandionetsa."

Ndiye tinaphika, anzanga, ndipo chikhalire sindinaphikepo mwamtendere chotero. Ndinakazinga anyezi mpaka anafewa, osapserera. Ndinathira tizidutswa ta dzungu tosenda, ndi kajinja kosinja, ndi madzi ongomiza pang'ono, n'kuvindikira. Poto ankaimba nyimbo ya kwaya ya mayi chapansipansi. Titafewa tizidutswa tija ndinatikanya ndi chipande, n'kusefa, mayi atagwirira sefa. Supu anatuluka wosalala, wachikasu ngati dzira.

"Mkaka ndaiwala," ndinatero.

Mayi anatenga kapu, n'kutunga chiperoni chimene chinkadutsa pamwamba pa mitu yathu, n'kutsanulira m'poto. Chinali mkaka weniweni, wa mafuta ake. Analawa ndi nsonga ya chipande, n'kukwinya nkhope.

"Za ku loji n'zabwino, koma bambo ako chinthu chopanda nsinjiro sachiyesa chakudya." Anatulutsa kampukutu m'thumba la jekete, n'kuwazamo kadzanja kamodzi. Fungo lake, Dolofe, mpaka pano ndikulimva m'mphuno.

Ndiye ndikuti nditembenuke, ndikuona dzungu lija lili pomwe ndinalitula, lathunthu, kabanga kake katakula ngati chikhatho.

"Mayi, nanga taphika chiyani?"

"Uku kunali kukuphunzitsa chabe. Lenilenilo ndingalidule bwanji ine, manja anga ali kuno?" Anasisita khosi la dzungulo. "Bambo ako akuyesa kuti akundisunga ine pakabati paja. Dzungu silisungika, mwana wanga, zosunga ndi nthanga. Zaka makumi atatu ndakhala ndikuzichotsa, kuziyanika pa lichero, kuzisakaniza ndi phulusa, kuzitsekera m'botolo. Chaka chino ndani wachita? Likawola ili, nthanga ziwolera momwemo, mbewu yanga ithera pomwepo. Ukawauze."

"Ine sandimvera, mayi. Ndikangoyamba amatuluka panja."

"Kuwa! Pakamwapo unatengera ine, wasungira chiyani?"

Ndiye ndinaimirira pakati pa nkhwani paja n'kuyamba kukuwa. "Ababa! Nthanga za mayi ziwola! Lichero, ababa! Phulusa! Botolo! Idyani supu, muli nsinjiro!" Ndinabwereza kaya kangati, nkhanga ija ikundithandiza kuchokera mumtengo, fulu naye atatulutsa mutu m'ngalande kuti amve. Mayi anangosolola mpeni uja m'chiuno mwanga, n'kuthira timadzi pamwala, n'kuyamba kunola. Kwee, kwee. Kwee, kwee. Chiperoni chinayamba kuwaphimba, miyendo, jekete, nkhope, mpaka panatsala phokoso lokhalo.

Ndinatsegula maso. Kunja kunali kutayera, kukhosi kukundiwawa ngati ndachokera ku mpira, mapazi ali zii. Koma phokoso lija silinasiye. Kwee, kwee.

Ndinafunda bulangete n'kutuluka. Pakhonde panali ababa, atakhala pa kampando kawo, mwala wonolera uli pakati pa mapazi. Dzungu lili pa lichero pambali pawo, duku wa mayi atamupinda bwinobwino pamwendo. Sanandiyang'ane.

"Anthu ena akagona amagona," anatero. "Iwe umachititsa msonkhano. Khoma lonse limanjenjemera."

"Pepani, ababa."

Anayesa mpeni pa chala chachikulu, n'kuthiranso timadzi pamwala. Ndinaona kuti maso awo anali ofiira.

"Botolo lija amayi ako ankaliika kuti?"

"Kuseri kwa mtsuko, kukhitchini."

"Ukalitsuke. Phulusa ndapala kale." Kenaka anati, "Ndiye za ku loji zakozo, wati mumakhala nsinjiro?"

"Eya, ababa."

"Uphike zambiri. Njala yandigwira."

Ndipo anaweramanso pamwala paja. Kwee, kwee.